KUGULA ZIDA MWACHANGU NKWABWINO, KOMA KHOMO LIKHALE NDI MLONDA

Pa 6 Malichi chaka cha 2025, Nduna ya Zachitetezo ya dziko la America, a Pete Hegseth, idalamula kuti nthambi zonse za asilikali a dzikolo zikafuna kugula mapulogalamu a makompyuta, ziziyamba zatsata njira imene kumeneko amaitcha Commercial Solutions Opening, kapena mwachidule CSO. Patangopita mwezi umodzi, pa 9 Epulo, Pulezidenti Donald Trump naye adasaina chikalata cholamula unduna wonsewo kuti pogula zida uziyamba wayang'ana katundu amene amalonda ali naye kale pamsika. Motero kanjira kamene kaofesi kena kakang'ono kadalambula m'chaka cha 2016, koti muzidutsa anthu owerengeka, kadasanduka mseu waukulu wodutsa ndalama zankhaninkhani za anthu okhoma msonkho.

Nkhaniyi ndi ya kutsidya kwa nyanja, koma funso limene iri nalo si lachilendo kwa munthu aliyense amene Boma lidamuikiza cholembera chosainira ndalama za mtundu. Funsolo ndi lakuti: kodi nkotheka kufulumira pogula katundu wa Boma popanda kutsegulira khomo akuba, okondera ndi osasamala? Poyang'ana zaka zimene njirayi yakhala ikuyesedwa, yankho ndi lakuti nkotheka ndithu, koma osati pa katundu aliyense, ndiponso osati m'manja mwa munthu aliyense.

Kuti munthu amvetse chimene chidabala njira yatsopanoyi, ayenera kuyamba waona yakale. Kuyambira pa 1 Epulo 1984, Boma la America lakhala likugula katundu wake motsata buku la malamulo lotchedwa Federal Acquisition Regulation. Pofika chaka cha 2025 bukulo linali litapitirira masamba 2,000, ndipo unduna wa zachitetezo unali ndi malamulo akeake owonjezera pamwamba pake. Mwa njira imeneyi, Boma ndilo limalemba mwatsatanetsatane chinthu chimene likufuna: kukula kwake, kulemera kwake, mtundu wa chitsulo chake ndi kayesedwe kake. Likatero limalengeza tenda, makampani amatumiza mitengo ndi mapepala ambirimbiri, komiti imawayerekeza onse pa muyeso umodzi, ndipo wogonja amakhala ndi ufulu wokadandaula. Pa chida chachikulu, kulemba zofunikazo kokha kumatha kudya zaka.

Malamulo amenewa sadagwe kuchokera kumwamba, ndipo nkulakwa kuwaseka monga amachitira ena. Pafupifupi ndime iriyonse idalembedwa pambuyo poti wina wadya ndalama za Boma kapena wazimwaza. M'zaka za m'ma 1980 anthu a ku America adapsa mtima atamva kuti asilikali awo adalipira $435 pa hamala imodzi ndi $640 pa chivundikiro cha chimbudzi cha m'ndege. Pambuyo pake zidadziwika kuti mtengo wa hamalayo udatupa chifukwa cha kalembedwe ka m'mabuku, poti ndalama zoyendetsera ntchito yonse adazigawira mofanana pa kanthu kalikonse. Koma mkwiyo unali utabuka kale. M'chaka cha 1984 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, Congress, idakhazikitsa lamulo loumiriza mpikisano poyera pa makontrakiti a Boma. Chodabwitsa nchakuti bungwe lofufuza limene Pulezidenti Ronald Reagan adasankha, lotsogoleredwa ndi a David Packard, lidanena m'chaka cha 1986 kuti mbali yaikulu ya vutolo inali kuchuluka kwa malamulo omwewo, ndi chizolowezi cholamula kuti apange chinthu chapadera pamene chofanana nacho chiri kale m'sitolo.

Malangizo amenewo adamveka, koma sadasinthe zambiri. Chimene chidasintha ndi msika. Lipoti la unduna womwewo la mu Febuluwale 2022 lidavomereza kuti makampani akuluakulu opangira asilikali zida, amene m'zaka za m'ma 1990 analipo 51, anali atatsala asanu okha. Kampani yaing'ono yokhala ndi nzeru zatsopano siingathe kulemba ntchito gulu la maloya ndi owerengera ndalama loti lizingodzaza mafomu a Boma, komanso siingathe kudikira zaka ziwiri isanalandire kobiri. Motero makampani otere adangotembenukira kwa ogula wamba. Pamenepo nkuti nzeru zambiri zofunika pa nkhondo ya makono, monga za makompyuta, za masetilaiti ang'onoang'ono ndi za ndege zouluka zopanda woyendetsa, zikutulukira kwa amalonda wamba omwewo. Nkhondo ya ku Ukraine, kuyambira chaka cha 2022, idaonetsa poyera kuti kandege kotere kamene kali kothandiza lero kamatha kukhala kachabe pakangopita miyezi yochepa, mdani akapeza njira yokasokonezera. Msilikali wodikira chida zaka zisanu amalandira chinthu chimene nthawi idachipitirira kale. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nduna ya Zachitetezo ya nthawi imeneyo, a Ash Carter, idatsegula m'chaka cha 2015 ofesi yotchedwa DIUx mu mzinda wa Mountain View ku California, pakati penipeni pa makampani a makompyuta. Chaka choyamba ofesiyo siidapindule kwenikweni, chifukwa inalibe njira yogulira yosiyana ndi ya ena onse. Mu Meyi 2016 a Carter adaikonzanso naika a Raj Shah, amene kale ankaulutsa ndege zankhondo za F-16, kuti aitsogolere. Ogwira ntchito a ofesiyo adapeza kuti lamulo limene Congress idavomereza kumapeto kwa 2015 lidakuza mphamvu ina yakale, yolola Boma kuchita mapangano otchedwa Other Transaction, amene satsata buku lalikulu lija. Mphamvu imeneyi idayambira ku bungwe la NASA m'chaka cha 1958, ndipo idafika ku unduna wa zachitetezo m'chaka cha 1989. Pa maziko amenewo adamanga CSO. Nkofunika kusiyanitsa ziwirizi: CSO ndi kaitanidwe ka ogulitsa, pamene Other Transaction ndi mtundu wa pangano limene kawirikawiri limasainidwa pambuyo pake. M'chaka cha 2018 dzina la ofesiyo lidafupikitsidwa nkukhala DIU.

Kayendetsedwe kake nkosavuta kumva. M'malo molemba chida chimene likufuna, Boma limalemba vuto limene liri nalo, m'ndime zochepa za mawu oti munthu wamba nkumva. Kampani iriyonse yoganiza kuti iri ndi yankho imatumiza kalata yosapitirira masamba asanu, kapena zithunzi zofotokozera zosapitirira 15. Akatswiri amawerenga kalata iriyonse payokha nkuiweruza pa ubwino wake, osati poiyerekeza ndi inzake pa muyeso umodzi, chifukwa mayankho a vuto limodzi amatha kusiyana ngati khasu ndi pulawo. Amene aoneka kuti ali ndi mfundo amaitanidwa kukafotokoza pamaso ndi kukaonetsa katundu wawo akugwira ntchito. Otsala pamenepo amakhala pansi ndi Boma nkukambirana za mtengo, za nthawi, ndi za mwini wake wa nzeru zimene zidzatulukemo. Kenaka amasaina pangano laling'ono lopanga chitsanzo choyesera. Chitsanzocho chikapambana mayeso, lamulo limalola Boma kupatsa kampani yomweyo kontrakiti yaikulu yopanga katunduyo wochuluka, popanda kulengezanso mpikisano wina.

Ubwino wa njira imeneyi ngooneka, ndipo wokana kuuona ndiye kuti wangotseka maso dala. Woyamba ngwakuti Boma limaleka kudziyesa lodziwa zonse. Kalaliki wokhala mu ofesi sangadziwe zonse zimene amisiri a dziko lonse atulukira chaka chino; akalemba yekha mmene chida chidzakhalire, amatsekera kunja yankho lirilonse limene iye sadaliganizire. Wachiwiri ngwakuti Boma limayamba lalawa lisanagule thumba lonse. Kutaya ndalama zochepa pa chitsanzo cholephera nkopepuka kusiyana ndi kuzindikira patapita zaka khumi kuti chida cha mabiliyoni sichigwira ntchito.

Nkhani imene imasonyeza bwino mtima wa ofesi imeneyi idachitikira pa bwalo la ndege zankhondo la Al Udeid m'dziko la Qatar. M'chaka cha 2016 alangizi a undunawo, motsogoleredwa ndi a Eric Schmidt a kampani ya Google, adapeza asilikali akukonza ndondomeko ya ndege zothira mafuta ndege zinzake m'mlengalenga pogwiritsa ntchito bolodi loyera, zolembera ndi timaginito. Ntchitoyo inkadya maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo pakasintha kanthu kamodzi ankafufuta nkuyambanso. Anthu a DIUx, pamodzi ndi asilikali a m'ndege ndi kampani ya Pivotal Labs, adapanga pulogalamu yogwira ntchitoyo m'miyezi yochepa, ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinali kutayika. Pa nthawi yomweyo panali ntchito ina yaikulu, yoyendetsedwa mwa njira yakale ndi kampani ya Northrop Grumman, yokonzanso makompyuta onse a malikulu otere. Mtengo woyembekezeka wa ntchitoyo udakwera kuchoka pa $374 miliyoni kufika pa $745 miliyoni, ndipo mu Julayi 2017 Boma lidaithetsa isanapereke chimene idalonjeza.

Komatu walira mvula walira matope. Malamulo aja akachotsedwa, zotchinjiriza zimene anali nazo zimachoka nawo limodzi. Pa mapangano a Other Transaction kampani siiumirizidwa kutsegula mabuku ake kuti Boma lione mmene idawerengera mtengo, monga zimakhalira pa makontrakiti akuluakulu a nthawi zonse. Ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma cha Boma, Government Accountability Office kapena GAO, imene imamva madandaulo a ogonja pa tenda, kawirikawiri siilowerera pa mapangano amenewa, pokhapokha dandaulo likhale lakuti Boma lagwiritsa ntchito mphamvuyo pamalo osayenera. Ndipo popeza makalata aja saweruzidwa pa muyeso umodzi, wogonja amavutika kusonyeza kuti adamukondera mnzake. Zonsezi zikutanthauza kuti chitetezo cha ndalama za anthu chachoka pa pepala nkukhala m'mutu ndi mumtima mwa ofesala amene akusankha. Ofesalayo akakhala wodziwa ntchito ndi wokhulupirika, njirayi imabala zipatso. Akakhala waulesi, wamantha kapena wadyera, palibe mpanda womuletsa.

Malo oopsa kwambiri ndi khomo lija lochoka pa chitsanzo kulowa pa kontrakiti yaikulu, ndipo Aamerika adapunthwa pomwepo njirayi ikadali yanthete. M'chaka cha 2017, kupyolera mu DIUx, kampani ya REAN Cloud ya ku Virginia idalandira pangano laling'ono loyesa kusamutsa mapulogalamu ena a nthambi ya asilikali yoona za mtengatenga, kuwachotsa m'makompyuta a Boma nkuwaika m'makompyuta akuluakulu ofikiridwa pa intaneti. Mu Febuluwale 2018 kudamveka kuti kampani yomweyo yapatsidwa pangano lotsatira la zaka zisanu, loti lingafike pa $950 miliyoni, popanda mpikisano wina. Makampani ena adadzidzimuka, poti pamene ntchitoyo inkalengezedwa koyamba sadaone chizindikiro chakuti kanthu kakang'ono kotere kangadzabale chimphona. Kampani ya Oracle idakadandaula ku GAO. Mlandu usanagamulidwe, mu Malichi chaka chomwecho, unduna udatsitsa ndalamazo kufika pa $65 miliyoni, kumene kunali kuvomereza mwakachetechete kuti china chake chidalakwika. Pa 31 Meyi 2018 GAO idagamula mokomera Oracle pa zifukwa ziwiri: pangano loyambalo silidatchule kuti padzakhala kontrakiti yotsatira, ndiponso ntchito yoyeserayo inali isanathe pamene pangano lalikulu linkasainidwa.

Mlandu umenewu ngofunika kuulingalira mofatsa, chifukwa GAO siidanene kuti wina adaba kapena adalandira chiphuphu. Anthu ake ankangofuna kuti ntchito iyende. Koma changu chawocho chidatsala pang'ono kupereka pafupifupi biliyoni imodzi ya madola kwa kampani imodzi, podalira mayeso osamaliza. Ngati anthu a zolinga zabwino adafika pamenepo, nanga a zolinga zoipa angafike pati? Nkodandaulitsa kuti kumapeto kwa chaka cha 2022 Congress, m'malo molimbitsa khomolo, idalifewetsa, polola kuti kontrakiti yotsatira iperekedwe popanda mpikisano ngakhale chikalata choitanira ogulitsa chisanene zimenezo poyera. Kumeneku kudali kulakwitsa. Kulemba mzere umodzi wochenjeza onse kuti wopambana pa chitsanzo angadzalandire ntchito yaikulu sikuchedwetsa munthu ngakhale tsiku limodzi, koma kumachititsa kuti aliyense wofuna kupikisana adziwe kukula kwa mphotho asanasankhe kulowa kapena kukhala.

Palinso za liwiro lenilenilo, limene ndilo chifukwa chachikulu chotamandira njirayi. Ofesi ya DIU idadziikira cholinga chosaina pangano m'masiku 60 mpaka 90. Koma malipoti ake omwe adasonyeza kuti m'chaka cha ndalama cha 2022 zinkatenga masiku ogwira ntchito 142, ndipo m'chaka cha 2023 adakwera kufika pa 197. Chifukwa chake nchodziwikiratu: pamene khomo lapepuka, olowa amachuluka, koma owerenga makalata ndi okambirana mitengo amakhala omwewo. Njira yachidule siichepetsa ntchito ya ofesala. Imaichulukitsa, chifukwa zimene kale ankangokopera m'buku tsopano ayenera kuziganiza yekha, ndime ndi ndime, akuyang'anizana ndi maloya a kampani odziwa kukambirana. Boma limene lalamula kuti njira imeneyi ikhale ya onse, koma osaphunzitsa ndi kuchulukitsa maofesala oiyendetsa, langosamutsa mzere wa odikira kuchoka pa khomo lina kupita pa lina.

Komanso kuthamanga sikufika. Msilikali sapindula ndi tsiku limene pangano lasainidwa, koma ndi tsiku limene chida chafika m'manja mwake nkugwira ntchito. Kuyambira 2016 mpaka 2023, DIU idasaina mapangano oyesera okwana 450, ndipo mwa ntchito zimene zidamalizidwa, pafupifupi theka ndizo zidapitirira kufika pogulidwa ndi nthambi za asilikali. Theka si chiwerengero chochititsa manyazi. Woyesa zinthu zatsopano amene salephera konse ndiye kuti sakuyesa kanthu. Koma zina mwa zotsalirazo sizidafe chifukwa cholephera mayeso. Zidafa chifukwa ndondomeko ya chuma cha undunawo imakonzedwa pafupifupi zaka ziwiri ndalama zisanagwiritsidwe ntchito, kotero chitsanzo chikapambana lero chimapeza kuti palibe nthambi imene idachisungira ndalama. Kampani yaing'ono siingadikire nthawi yonseyo. CSO imakonza khomo lolowera lokha. Za m'kati mwa nyumba siizikhudza.

Mu Febuluwale 2025 GAO idatulutsa lipoti lonena kuti DIU inalibe miyeso yokwanira yodziwira ngati ikukwaniritsadi cholinga chake chofikitsa msanga nzeru za amalonda m'manja mwa asilikali. Apa nkuti Congress itapatsa ofesiyo pafupifupi biliyoni imodzi ya madola m'chaka cha ndalama cha 2024. Lamulo la a Hegseth lija lidatuluka patangopita masiku ochepa chitulukire lipotilo. Kunena mosabisa, njirayi idakuzidwa muyeso wake usanapezeke. Ndalama zodutsa m'mapangano a mtundu umenewu zinali zitayamba kale kukwera msanga: GAO idawerengera kuti pa mapangano oyesera zidachoka pa $1.4 biliyoni m'chaka cha 2016 kufika pa $3.7 biliyoni m'chaka cha 2018. Ndipo m'chaka cha 2021 wofufuza wamkulu wa unduna womwewo adapeza kuti pa mapangano operekedwa kupyolera m'magulu a makampani, maofesala sankasunga bwino kaundula wosonyeza kuti ntchito iti yapita kwa yani.

Nanga tsono njirayi iweruzidwe bwanji? Iri ndi malo ake, ndipo pamalo akewo iposa yakale kutalitali. Malowo ndi pamene katundu ali kale pamsika kapena watsala pang'ono kufikapo, pamene ogulitsa ali ambiri kotero kuti mtengo ungayerekezedwe ndi umene ogula wamba amalipira, ndiponso pamene chinthucho chingayesedwe m'miyezi yochepa nkuoneka ngati chikugwira ntchito kapena ayi. Mapulogalamu a makompyuta, tindege topanda woyendetsa ndi zithunzi za masetilaiti ziri m'gulu limeneli. Sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi siiri m'gulumo. Ogulitsa ake ndi mmodzi kapena awiri, wogula ndi Boma lokha, palibe mtengo wa pamsika woyerekezera, ndipo kumanga imodzi kumatenga zaka. Pamenepo mabuku a kampani ayenera kutsegulidwa, ngakhale kutero kuchedwetse ntchito.

Aphungu a dzikolo adaonetsa kuti akudziwa malire amenewa pamene, kumapeto kwa chaka cha 2021, adakhazikitsa CSO kukhala lamulo lokhalitsa la unduna wonse, itayesedwa kwa zaka zingapo. Pa makontrakiti operekedwa pansi pa lamulo limenelo adaikapo zingwe ziwiri. Choyamba chinali chakuti mtengo uzikhala wogwirizaniratu, osati wakuti Boma lizibweza chirichonse chimene kampani yawononga. Chachiwiri chinali chakuti kontrakiti yopitirira $100 miliyoni isaperekedwe popanda mkulu wa undunawo kulemba zifukwa zake ndi kudziwitsa Congress. Zingwe zotere sizilanda njirayi liwiro lake, chifukwa zimagwira pamalo amodzi okha, pamene ndalama zakula.

Chimene chatsala ndi cha ofesala mwini. Popeza buku silimuuzanso chochita pa sitepe iriyonse, iye ndiye ayenera kusiya mbiri yolembedwa: vuto linali lotani, adayankha ndi angati, chifukwa chiyani uyu adasankhidwa ndipo uyo adasiyidwa, ndani adaona katundu akuyesedwa ndipo adaona chiyani. Koposa zonse, tanthauzo la kupambana kwa chitsanzo liyenera kulembedwa mayeso asanayambe, osati atatha, pamene aliyense ali kale ndi chimene akufuna kuti chichitike. Unduna wa ku America udaphunzira zimenezi mochedwa: tanthauzo la mawu akuti chitsanzo chamalizidwa bwino udalilemba m'buku lake la malangizo mu Novembala 2018, patapita miyezi isanu ndi umodzi chigamulireni mlandu wa REAN Cloud.